Makalata a Omvera: Matsire kapena poizoni?

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi ena ogwira ntchito zachipatala ku Blantyre. Akuti:

"Zikomo aulutsi. Chiletsereni masacheti, mowa waukali sunathe, unangosamukira m'timabotolo tapulasitiki ndi m'zigubu zopimira pa kapu. Choopsa ndi methanol, poizoni wopezeka mu spiriti wa m'mafakitale. Ena ofuna phindu lamsanga amathira spiriti wa m'mafakitale mu kachasu kuti achuluke. Samveka fungo lachilendo. Masipuni aang'ono awiri okha, mamililita 10, angathe kuchititsa khungu, ndipo 30 angathe kupha. Munthu amadzuka bwinobwino, koma pakatha maola 12 mpaka 24 chiwindi chimakhala chitasandutsa methanol uja kukhala asidi. Apo amayamba kuona ngati chifunga, m'mimba mupotokola, kusanza, kupuma mwabefu. Abale amati ndi matsire, nkumufunditsa bulangete kuti agone. Ambiri amatayika pamenepo."

Mayi, mwatitsegula m'maso. Omvera, matsire amachepa dzuwa likamakwera, izi zimakulirakulira. Mkaka, thobwa kapena makala sizichotsa poizoni ameneyu. Thamangirani naye kuchipatala, botolo limene amamwalo mulitenge, ndipo onse amene anali naye pa mowawo apite nawo, ngakhale akuseka.

Yachiwiri ndi ya bambo ena a ku Mchinji, mlangizi wa anthu ofuna kusiya mowa:

"Mabanja akulakwitsa potsekera chidakwa m'nyumba kuti asiye lero lomwe. Thupi lozolowera kumwa tsiku ndi tsiku limayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta pakangotha maola 6 mpaka 24. Kugwa ngati wakhunyu kumabwera m'masiku awiri oyamba. Tsiku lachitatu kapena lachinayi ena amabwebweta, kuona njoka pakhoma. Si ufiti ayi, ndi bongo wosowa chimene unazolowera, ndipo imfa imakhala pafupi. Kodi mungauze anthu kopita?"

Tiwauza, bambo. Yambirani pachipatala cha boma chapaboma panu, mufunse anamwino oona za matenda a maganizo. Kumeneko amapereka diazepam, mankhwala okhazika thupi pansi, mochepetsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza bongo. Diazepam wogula pamsika ayi ndithu: akakumana ndi mowa amafooketsa kupuma. Thandizo lokhalitsa lilipo ku Zomba Mental Hospital, komanso kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Popita, womuperekeza akanene zoona: amamwa mowa wanji, wochuluka bwanji, ndipo kapu yomaliza anaimwa nthawi yanji.