Chimbale cha The Mission ndi ntchito yausiku ku Leicester

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli kumudzi kaya muli kunja ngati ine. Lero ndikambako za chimbale chimodzi chimene chandiperekeza pa zaka zinayi zimene ndakhala kuno ku Leicester, m'dziko la England, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba usiku.

Ndinachigula ndi paundi imodzi m'sitolo ya katundu wogwiritsidwa kale ntchito, m'mwezi wa Disembala, nyengo imene mdima umagwa 4 koloko madzulo ndipo mtima umangolakalaka dzuwa la kwathu. M'chimbalemo muli nyimbo za filimu ya The Mission ya mu 1986, zimene anapeka Ennio Morricone, katswiri wa ku Rome amene anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 91. Filimuyo ikusimba za ansembe achiJezuiti ndi anthu a mtundu wa Guarani ku South America, pa nthawi imene pangano la ku Madrid la mu 1750 linachotsa dera lawo m'manja mwa Spain n'kulipereka kwa Apwitikizi. Filimuyo ndinaionera patapita chaka chathunthu. Nyimbozo ndinayamba kuzidziwa ndi makutu okha.

Nyimbo ya Gabriel's Oboe ndi ya chitoliro chimene wansembe amaimba ali yekhayekha m'nkhalango, pamwamba pa mathithi, pofuna kuti anthu osamva chilankhulo chake amulandire. Kuntchito kwathu kunali gogo wina wodwala matenda oiwalaiwala, amene sankamva bwino kalankhulidwe kanga, moti ndikalowa m'chipinda mwake ankakuwa n'kukana kuti ndimusambitse. Usiku wina ndinamuikira nyimboyi chapansipansi. Anakhala chete, kenako anandigwira dzanja mpaka inatha, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankandilola kumuthandiza.

Koma imene imandikhudza kwambiri ndi On Earth as It Is in Heaven, dzina lochokera m'pemphero la Atate Athu, paja timati monga kumwamba chomwecho pansi pano. M'menemo Morricone analumikiza chitoliro chija, kwaya ndi ng'oma, chilichonse chikuyenda njira yake popanda kuphimba chinzake. Ng'omazo zikayamba, ine ndimakhala ngati ndabwerera pa Misa ya Pasaka ku parishi yathu, amayi akuimba nthungululu. Zimandiwawabe kuti nyimbo zoterezi sizinapate mphoto ya Oscar, imene inapita kwa woimba wa ku America, Herbie Hancock, ngakhale kuti zinalandira mphoto zina za mafilimu za Golden Globe ndi BAFTA.

Lamlungu lapitali ndinawaimbira mayi anga pa WhatsApp n'kuwamvetsera nyimboyi kuchokera pa wailesi ya m'chipinda mwanga. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti kwaya imeneyi ndi ya parishi iti, ndiponso ngati ndinalowamo.