Musamugoneke tsiku lonse, ayende

Azimayi anzanga, mwamva za mnzathu wa kuno ku Chawama amene akulandira kemo, mankhwala a m'dripu olimbana ndi khansa yake ya m'mawere, ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH paja. Anagwa popita kuchimbudzi. Ena mwayamba kale kunong'onezana kuti mankhwala akumumaliza. Ayi. Achibale, chifukwa cha chikondi, anamugoneka mwezi wathunthu, madzi kumutungira, nsima kumupatsira pamphasa, pakhomo osamulola kutuluka. Miyendo inafooka.

Kutopa kwa kemo sikutha ndi kugona. Ndibwereze, sikutha ndi kugona. Munthu akangogona, minofu imatha, akadzuka amakhala wolefuka kuposa dzulo. Madokotala amati kuyenda mphindi 30, katatu pa sabata, kumachepetsa kutopa ndi nkhawa. Koma inu apongozi, inu alamu, mukafika ndi "gonani, gonani." Lekani zimenezo! Mgwireni dzanja muyende naye.

(Mayi wina: "Nanga akatentha thupi?")

Mwafunsa bwino amayi. Pamenepo asayende. Kemo imatsitsa asilikali a m'magazi, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni dripu, ndipo nthawi imeneyo kachilombo kakang'ono kangathe kumugwetsa. Thupi likafika madigiri 38, kapena akamanjenjemera, musati "ndi malungo, tigule Panado." Panado amangobisa kutenthako. Pitani naye kuchipatala, ngakhale pakati pa usiku. Chimodzimodzi akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika. Ena amalandira mankhwala ofiira aja, doxorubicin, amene nthawi zina amafooketsa mtima, n'chifukwa chake asanayambe zoyendazi ayambe wafunsa adokotala ake. Masiku amene asilikali a m'magazi atsika aja asakalowe m'chipwirikiti cha kumsika wa Soweto, angozungulira pakhomo. Koma ngati thupi silikutentha, musamugoneke tsiku lonse.

Ndaona kumbuyoko mwayamba kuyang'ana mafoni, ndifulumire. Ayambe ndi mphindi 5 kapena 10, aziwonjezera pang'onopang'ono. Ayende moti angathe kucheza koma osatha kuimba nyimbo. Nsapato zotseka, osati patapata, poti mapazi ena amachita dzanzi. Botolo la madzi, duku kumutu, dzuwa lisanakwere. Tsiku la dripu akalefuka apume, mawa lake adzuke. Mkono wa mbali imene anachita opaleshoni ukatupa, auze anesi msanga. Amayi apampando, ndathera pamenepa.