Sociology ku yunivesite: amaphunzira chiyani kwenikweni?

Moni nonse, takulandirani. Lero tikambe za sociology, phunziro limene ambiri amalilemba pa fomu yofunsira malo ku yunivesite asakudziwa kuti mkati mwake muli zotani. Ena amalisokoneza ndi psychology, ena amati ndi social work. Ayi ndithu. Wa psychology amafufuza za m'maganizo a munthu. Wa social work amathandiza amene wagwa m'mavuto. Wa sociology funso lake ndi lina: bwanji vuto limeneli likugwera kwambiri anthu a gulu ili kusiyana ndi a gulu linalo?

[Pa sikirini: chithunzi cha Émile Durkheim]

Bambo mukuwaonawa ndi Émile Durkheim a ku France, mmodzi mwa akatswiri oyambirira a sociology. Mu 1897 anatulutsa kafukufuku wokhudza anthu odzipha. Inu ndi ine tikhoza kunena kuti nkhani imeneyi ndi ya mumtima mwa munthu payekha. Koma iwo atasanthula ziwerengero za m'mayiko a ku Ulaya, anapeza kuti vutoli linali lalikulu pakati pa Apulotesitanti kusiyana ndi Akatolika, komanso pakati pa osakwatira kusiyana ndi apabanja. Anafotokoza kuti kumene anthu atayana, aliyense ali payekhapayekha, chiwerengerocho chimakwera. Mwaona? Sanangoganiza. Anawerenga manambala.

C. Wright Mills a ku America anazinena mosavuta mu 1959. Mumzinda wa anthu 100,000 mukakhala munthu mmodzi yekha wopanda ntchito, tikhoza kufunsa za iyeyo, mwina luso alibe. Koma m'dziko la antchito 50 miliyoni, ngati 15 miliyoni ali pa ulova, kuloza chala munthu mmodzimmodzi n'kutaya nthawi. Chavunda ndi kayendetsedwe ka chuma.

Chaka choyamba mudzakumana ndi Auguste Comte, amene anatchukitsa dzina loti sociology m'zaka za m'ma 1830, kenako Karl Marx ndi Max Weber. Kuwerenga n'kochuluka, ndipo masamba ena mudzawabwereza katatu musanamve chimene mkuluyo akunena. Pambuyo pake pamabwera za banja, chipembedzo, maphunziro, umbanda, umphawi, kusiyana kwa amuna ndi akazi.

Tsopano apa tcherani khutu, makamaka inu amene mukuthawira ku sociology poopa masamu. Masamu mudzawapeza konko, akukudikirani. Pali kosi ya statistics, pali kosi ya njira zochitira kafukufuku, ndipo kwa ine makosi awiriwa ndiwo msana wa digiri yonse.

[Pa sikirini: pepala la mafunso]

Taonani funso ili: "Kodi mukuvomereza kuti achinyamata a masiku ano ndi aulesi?" Aphunzitsi adzalicheka ndi cholembera chofiira, chifukwa yankho mwamuika kale m'kamwa woyankhayo. Mudzaphunzira kufunsa mosakondera, kusankha anthu oyankha mwanjira yoti aimire gulu lonse, ndiponso kupempha chilolezo chawo musanayatse chojambulira mawu. Mukacheza ndi munthu ola limodzi, kulemba zonse zimene wanena, liwu ndi liwu, kumadya maola anayi kapena kuposa. Kenako mukhale pa kompyuta ndi mapulogalamu osanthulira ziwerengero monga SPSS, Stata kapena R. N'zotopetsa, sindikubisirani.

Nanga ntchito? Malonda a ntchito olembedwa kuti "tikufuna sociologist" ndi osowa. Omaliza digiriyi amalowa m'mabungwe ochita kafukufuku, m'maofesi a boma, m'mapulojekiti a chitukuko kumene amayeza ngati ntchito yaphuladi kanthu, ena kuyang'anira antchito m'makampani. Kuphunzitsa pa yunivesite kumafuna masters, nthawi zambiri mpaka PhD. Ndipo pa intavyu, za Weber sakufunsani kawirikawiri. Amafunsa ngati mungatenge mayankho a anthu 500, kuwasanthula, n'kulemba lipoti lomveka.

Mu vidiyo yotsatira tiona mmene mungasankhire mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, woti muumalize nthawi isanakuthereni. Tionana komweko.