Achimwene, kontena ija iyambe yadikira

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndine mlongo wanu. Uthengawu ndi wautali, muumvere mutakhala pansi, ndipo alamu akhale pomwepo chifukwa iwo ndiwo saiwala zinthu. Ndili pa buleki, ndabisala m'galimoto, kuno ku Leeds kukuzizira koopsa.

Nkhani ndi ya azakhali ndi maganizo awo ochoka kuno ku Britain n'kukakhazikika kumudzi ku Zomba. Lamulungu ndinali kwawo, tinakhuthula chikwama chawo cha mapepala chija patebulo, mpaka tiyi anazizira osamwedwa. Ndiye ndikupempheni, za kontena ndi zoitana mmisiri wa matailosi ziyambe zaima.

Zija anakuuzani mnzanu wa kutchalitchi, zoti boma la Britain limalipirira chipatala anthu ake a penshoni kulikonse komwe ali, sananame kwenikweni, wangosokoneza mayiko. Chilipo chikalata chotchedwa S1. Azungu ambiri akapuma pa ntchito amathawa chisanu kupita ku Spain, Portugal kapena France. Munthu amapempha S1 kuno, akafika n'kukailembetsa ku ofesi ya boma la kumeneko, ndiye akadwala amamuthandiza ngati mwini dziko, bilu n'kubwera ku Britain. Mayi wina amene ndinkagwira naye ntchito ali ku Alicante, ku Spain, mwa njira imeneyi. Nayenso anatuluka thukuta, chifukwa chichokereni Britain mu EU, wopanda visa amaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 aliwonse. Anafunika visa, kulembetsa ku khonsolo, kenako khadi lokhalira m'dzikomo lija amati TIE. Koma S1 imagwira m'mayiko a EU ndi ena ochepa oyandikana nawo ngati Norway ndi Switzerland. Malawi mulibemo. Ngakhale South Africa mulibe.

Tsono imvani apa. NHS, zipatala za boma za kuno, siyang'ana pasipoti, siyang'ananso kuti unadula msonkho zaka zingati. Imangofunsa kuti, kodi ukukhala kuti? Azakhali akangosamuka n'kukhazikika ku Zomba, chipatala chaulere cha kuno chawathera, pasipoti ya Britain ili m'manja chomwecho. Akabwera kudzacheza n'kudwala, kuonana ndi GP, dokotala wa m'dera, ndi ulere, ku A&E, kolandirira odwala mwadzidzidzi, ndi ulerenso, koma akangowagoneka mu wodi, mita yayamba kuwerenga. Ndipo kuno ku England mlendo amamulipiritsa 150 peresenti ya mtengo wake: chithandizo cha mapaundi 1,000, iye alipira 1,500. Nditawafotokozera azakhali anakhala chete, kenako anati, "Ine amene ndakhala ndikutembenuza odwala awo usiku kuyambira 2002?" Ndinasowa chowayankha. Ineyo ndimaona kuti ndi nkhanza, koma lamulo ndi limenelo.

Maganizo aja oti azisunga adiresi yanga kuti azioneka ngati akadali kuno, ayi, ine ndakana. Zipatala zili ndi anthu olembedwa ntchito yofufuza zimenezi, amafuna umboni wa lendi, mabilu a magetsi, masitetimenti a ku banki. Akagwidwa, dzina loipa ndi langa, ndipo ntchito yanga mukuidziwa. Chabwino chake n'chakuti akadzaganiza zobwerera kudzakhaliratu, ufulu uja umabwerera, bola asonyeze kuti abweradi kudzakhala.

Ndiye mankhwala a shuga ndi BP aja, amene pano amangotenga ku famase osalipira chifukwa anapitirira zaka 60. GP akhoza kuwalembera a miyezi itatu basi ponyamuka. Ikatha imeneyo, ndi thumba lawo. Chonde mupite ku MASM, a inshuwalansi ya chipatala aja, mukafunse zinthu ziwiri: kodi munthu wa zaka 66 amamulandira pa sikimu iti, nanga matenda amene ali nawo kale amayamba kuwalipirira pakapita nthawi yaitali bwanji? Akulembereni papepala, musangomva pakamwa. Mudutsenso pa famase ya m'tauni mufunse mtengo wa metformin wa mwezi wathunthu.

Penshoni ya boma azilandira ndithu ali kumudzi, imeneyo siduka. Vuto ndi loti imauma. Kuno imakwera Epulo aliyense. Yathunthu inali mapaundi 203.85 pa sabata mu 2023, n'kufika 221.20 mu 2024, kenako 230.25 mu 2025. Wokhala ku Spain, ku America, ngakhale ku Jamaica ndi ku Mauritius amamukwezera, chifukwa mayikowo ali ndi mgwirizano ndi Britain. Wa ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, ngakhale Canada ndi Australia, imaima pomwe inali tsiku losamuka, mpaka kalekale. Munthu amene anapita kumudzi mu 2023, pofika 2025 anali akutaya kale mapaundi oposa 26 sabata iliyonse. Komanso azakhali salandira yathunthu, imafuna zaka 35 zodula National Insurance, ndalama imene amadula pa malipiro, iwo sanafikepo. Ndikudziwa muti paundi ikasinthidwa kukhala makwacha ndi ndalama zambiri. Inde, lero. Koma muwerengere zaka khumi kutsogoloku, munthu akukalamba, mankhwala akukwera, ndalama ili pomwepo.

China chaching'ono koma chimagwetsa anthu. Ofesi ya penshoni nthawi zina imatumiza fomu yofuna umboni woti munthu akadali moyo. Amasaina iye, n'kusainanso mboni, munthu ngati dokotala kapena m'busa, osati wachibale. Ikapanda kubwerera, ndalama amaimitsa. Ndiye bokosi la ku positi lija la mpingo, limene kiyi wake amasunga mkulu wa mpingo amene amakhala kumunda miyezi iwiri, limenelo ayi. Mutsegule lanulanu.

Za mapepala okhalira, azakhali ndi ankolo nkhani zawo n'zosiyana. Azakhali ali ndi pasipoti ya Britain, akhoza kutha zaka kunja n'kubwerera popanda wowafunsa. Ankolo ndi amene akundidetsa nkhawa, chifukwa ali ndi indefinite leave yokha, chilolezo chokhala kuno popanda malire a nthawi, ndipo imeneyo imafa munthu akatha zaka ziwiri zotsatizana ali kunja kwa Britain. Ikafa ndiye kuyambanso kupempha visa ya wobwerera, yomwe akhoza kukukaniza. Khadi lawo losonyeza chilolezocho, la BRP, linatha ntchito pa 31 Disembala 2024, zonse zili pa intaneti tsopano, amati eVisa, koma akaunti yake ankolo sanatsegule n'komwe. Akuti kompyuta imawapweteka maso. Loweruka ndikawatsegulira ndekha, ndipo ndikawanyengerera kuti atenge unzika asananyamuke.

Mbali ya kwathu ndi yanu, achimwene. Azakhali anatenga pasipoti ya Britain nthawi imene Malawi sankalola unzika wa mayiko awiri. Lamulo linasintha, koma sizichitika zokha, pamafunika kulembetsa. Apo ayi adzafika pa Chileka ngati mlendo, n'kumawerengeredwa masiku m'dziko lomwe mchombo wawo unagwera. Mukapita ku Blantyre mulowe ku Immigration, mufunse mafomu ake ndi ndalama zake, muwajambule munditumizire pa WhatsApp.

Iii, nthawi yanga yatha, akundiyang'ana pawindo. Azakhali musawaimbire kaye za nkhaniyi, mtima udakali m'mwamba, ndiyankhula nawo Loweruka. Mupereke moni kwa alamu ndi ana, ndipo ndalama ya simenti ija musaigwiritse ntchito mpaka ndikuimbireni.