Kawaya kochepa kuposa tsitsi komwe kamamva phiko la ndege likavulala

Moni nonse, tabweranso. Lero tili pa ndege, koma za injini tisiye kaye, tikambe za thupi lenilenilo, mapiko ndi mchira, komanso kawaya kena kake kochepa kuposa tsitsi lanu komwe mainjiniya akufuna kumakakwirira mkati mwa phiko kuti kaziwatsina khutu ndege ikavulala.

Ndege zakale zinali za aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sabisa mawu. Ukamugunda amabonyoka pomwepo aliyense nkuona, akatopa amachita mng'alu womwe umakula pang'onopang'ono. Ndege zatsopano zikuluzikuluzi ndi za kompoziti. Boeing 787 yomwe inayamba kunyamula anthu mu 2011, pafupifupi theka la kulemera kwa thupi lake ndi kompoziti, Airbus A350 ya mu 2015 ija ndi 53 peresenti. Kompozitiyo ndi timaulusi ta kaboni, kamodzi kunenepa kwake mamaikuloni 5 mpaka 7 basi (mamaikuloni 1,000 ndiwo amakwana milimita imodzi), amatiyala mosanjikiza ngati mapepala a mu buku, pakati pali guluu wa epoxy, kenako nkuphika mu chiuvuni cha presha pa madigiri pafupifupi 180. Chotuluka mmenemo nchopepuka, cholimba, dzimbiri sichidziwa.

[Pa sikirini: sipanala ikugwera pa phiko]

Ndiye onani apa. Makaniko ali pamwamba pa phiko, sipanala yamupulumuka, gwa! Wayang'ana, wapapasa, palibe kanthu, mwina kadontho pa penti. Koma pansi pa pentiyo mapepala aja amatuka, guluu wasweka, ndipo malo amenewo akadzapanikizika sakhalanso ndi mphamvu zakale. Matalala amachita zomwezo, mbalame, ngakhale galimoto ya katundu ikangoikhula pang'ono pa eyapoti. Kunja mbee, mkati chilonda.

Si zongoopsezana izi. Mu Malichi 2005 Airbus A310 ya Air Transat itanyamuka ku Varadero ku Cuba kupita ku Quebec City, chiwongolero cha kumchira, cha kompoziti, chinathothoka ili mlengalenga. Inabwerera nkutera bwinobwino, palibe anafa, koma ofufuza a ku Canada anati nkutheka kwambiri kuti chiwongolerocho chinali chitamatuka kale mkati.

Nanga panopa amazipeza bwanji? Njira ina mungaseke, amagogoda ndi kahamala kakang'ono kapena ndalama yachitsulo nkumamvetsera, pabwino pamalira kuti ngwe ngwe, pomatuka pamangoti phu phu. Ina ndi ultrasound, ngati sikani ya kuchipatala ija. Zimagwira ntchito, koma ndege iyenera kuima, munthu afike pamalopo, nthawi zina mpaka kumasula mapanelo, ndipo ndege yoima ikungodya ndalama.

Apa mpomwe maginito akulowera, ndipo nzeru yake ndi yakalekale. Mu 1842 James Joule anaona kuti chitsulo chikalowa mu mphamvu ya maginito chimatalika pang'ono kwambiri. Mu 1865 Emilio Villari anapeza kuti zimachitikanso mobwerera, ukachikoka kapena kuchifinya chitsulocho khalidwe lake la maginito limasintha. Kumeneko ndiye kumva kupweteka komwe tikunenaku. Mwa njira, timapulasitiki toyera tomwe amamata pa katundu m'masitolo akuluakulu kuti alamu ilire pakhomo, mkati mwa tambiri muli kachitsulo ka banja lomweli.

[Pa sikirini: kawaya pambali pa tsitsi la munthu, pa maikulosikopu]

Kawaya kathu amakapanga mochititsa kaso. Amaika chitsulo chosakaniza, cha ayironi kapena kobati, mu kachubu ka galasi, nkusungunula, galasi nalo lafewa, ndiye amakoka zonse pamodzi ngati ulusi nkuziziritsa mwachangu. Njirayi amaitcha ya Taylor ndi Ulitovsky. Mkati chitsulo, kunja chovala cha galasi, konse pamodzi mamaikuloni makumi angapo. Chovalacho nchofunika chifukwa kaboni amadutsa magetsi, ndiye galasi limalekanitsa awiriwa asakhudzane.

Tsono gawo lomwe ine limandisangalatsa ndi ili, mvetserani bwino. Mawaya ena a mtunduwu ali ngati switchi, maginito ake amaloza uku kapena uko, pakati palibe. Mukabwera ndi koyilo, waya wokulunga yemwe amatulutsa maginito magetsi akamadutsamo, kunja kwa phiko nkumakweza mphamvu ya maginito pang'onopang'ono, kawaya kaja kamakana, kamakana, kenako pa mlingo winawake thi! katembenuka konse nthawi imodzi, ndipo kutembenukako kumatulutsa kasiginolo komwe koyilo yachiwiri imakamva. Mlingo womwe kamatembenukirawo umadalira kuti kakokedwa bwanji. Phiko lili latsopano mumalemba nambala yake. Pakapita miyezi mwabweranso, mwayeza, nambala yasuntha pamalo amodzi okha pomwe pena ponse ili chimodzimodzi, ndiye mwadziwa kuti apa pachitika china chake, itanani wa ultrasound abwere apa, osati kusesa phiko lonse.

Batire kalibe. Chingwe chotuluka kunja kalibe. Mphamvu kamaitenga ku koyilo yomwe ikukafunsayo. Yerekezani ndi masensa a fibre optic, ulusi wa galasi wodutsa kuwala, omwe ndi olondola kwambiri, koma ulusi wake wamba ndi mamaikuloni 125 ndipo uyenera kutulukira penapake kukalumikizidwa ku makina, potulukirapo sipachedwa kuthyoka. Komanso poti kawayaka kamalowa kompoziti isanaphikidwe, kamatha kuuza a ku fakitale mmene guluu akuumira mu uvuni muja.

Musathamangire kuombera mmanja. Vuto loyamba ndi kutentha. Ndege pansi ikhoza kukhala pa madigiri 40, kumwamba kuja kuzizira kumapitirira 50 pansi pa ziro, ndipo kawayaka kamamva kutentha monga momwe kamamvera kukokedwa, ndiye nambala ikasuntha mudziwa bwanji kuti ndi chilonda osati dzuwa chabe? Njira imodzi nkuika mawaya awiri osiyana kasakanizidwe, mmodzi womva kwambiri kutentha, nkumachotsera. Lachiwiri ndi kaboni yemwe uja, poti amadutsa magetsi amameza siginolo ya mafulikwense okwera, kutanthauza yosinthasintha mwaliwiro kwambiri, kuwonjezera apo panja pa ndege zambiri za kompoziti pali kaneti ka kopa koteteza ku mphezi, nako kamatchinga. Ndiye amakakamizika kugwiritsa mafulikwense otsika ndipo chowerengera chiyenera kufika pafupi ndithu. Kawaya nako kamamva zapafupi pake pokha, chilonda chikakhala patali kangokhala chete.

Ndipo kakangolowa kalowa. Ndege imatha zaka 25, 30 ikuuluka, kawaya kakafa simungakazule nkuikamo kena. A FAA ku America ndi a EASA ku Ulaya, mabungwe oyang'anira chitetezo cha ndege, asanavomere adzafuna umboni woti kukwirira chinthu chachilendo mu phiko sikukulifooketsa, komanso kuti kakati zonse zili bwino sikakunama. Nchifukwa chake ntchito yambiri ya mawayawa ikadali m'malabu, pa timapanelo toyesera tomwe amatigwetsera zitsulo dala.

Ine mmene ndikuonera, koyamba kudzagwira ntchito ndi ku fakitale ndi pa zigamba. Kompoziti ikakonzedwa amamatapo chigamba, ndipo funso lomwe limasowetsa tulo mainjiniya ndi loti chigambacho chikadagwirabe? Pamenepo malo ake ndi aang'ono, mukuwadziwa kale, mawaya awiri atatu akwana, makaniko angodutsitsa chowerengera pamwamba ndege ikudikira ulendo wina.