Mawu a m'mawa: Anthu achiphamaso

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? M'mawa uno tilingalire mawu akuti chiphamaso, potsatira Mateyu 23, pamene Ambuye Yesu akudzudzula alembi ndi Afarisi. Buku Lopatulika, limene makolo athu anabwera nalo kuno ku Zimbabwe kuchokera ku Nyasaland, limati anthuwa ndi onyenga, ndipo anansi athu a Chishona amati vanyengeri, koma kwa ine mawu akuti achiphamaso ndi amene amalasa penipeni.

Chiphamaso ndi chinthu chopha maso a munthu wina kuti asaone chimene chilipodi. Sabata yatha ndinagula bokosi la matimati kwa wogulitsa wina ku msika wa Mbare mumzinda wa Harare, pamwamba pali akuluakulu ofiira bwino, koma nditafika kunyumba ku Mufakose ndi kukhuthula, ndinapeza kuti apansi onse ndi ophwanyika, ena akuchucha madzi. Munthuyo sanandinamize ndi pakamwa ayi, anangosanja mwaluso, maso anga nadzigwera okha. Apa ndi pamene wachiphamaso amasiyana ndi wabodza, pakuti wabodza amadalira lilime, pomwe wachiphamaso akhoza kukhala chete tsiku lonse, maonekedwe ake ndi kumamunamira. Amasiyananso ndi nthirakuwiri, amene amadya uku ndi uku.

Chimene chimandiopsa n'chakuti Yesu sananene mawu amenewa kwa okhometsa msonkho kapena kwa akazi adama. Anawanena kwa anthu opemphera, opereka chakhumi ngakhale cha timbewu tonunkhira ta m'dimba, koma osiya chilungamo, chifundo ndi chikhulupiriro. Pa vesi 27 akuwayerekeza ndi manda opaka njereza, owala kunja koma m'kati muli mafupa a anthu akufa. Ife timafulumira kutchula andale kapena apongozi kuti ndi achiphamaso, koma sitidzifunsa za ife eni, amene pa maliro timaimba mokweza mpaka mbandakucha, kenaka mwezi n'kutha osapondako kwa namfedwa, ngakhale kukafunsa ngati ana adya. Timavala yunifomu ya mvano yosita bwino, pamene mtsikana wantchito kunyumba sanalandire malipiro ake miyezi iwiri.

Musanathamangire kombi lero, werengani vesi 23 mpaka 28 pang'onopang'ono, ndipo paliponse pamene palembedwa Afarisi muikepo dzina lanu.