Uthenga wa mawu kwa a pa doko: kayezedwe ka HIV ka wekha

Muli bwanji nonse a pa gulu lathu, achimwene ndi achemwali a ku Makawa, ku Msaka mpaka ku Chembe uko. Ndajambula mawu chifukwa ambiri mumakhala pa thandala, manja ali usipa wokhawokha, kuwerenga simungathe. Mvetserani mpaka kumapeto chonde.

Kachipangizo kodziyezera wekha kaja, ka OraQuick, sikafuna magazi ayi, ndiye oopa jakisoni musadandaule. Musanayambe, pakhale patadutsa mphindi 15 musanadye kapena kumwa kanthu, ngakhale tiyi. Tsegulani kabotolo ka mankhwala, mukaimike pa kotsamira kake. Kenako tengani kandodo kaja, mbali yopyapyalayo muidutse pa nkhama za m'mwamba kamodzi, za m'munsi kamodzi. Kamodzi basi, si mswachi uwu. Mukaviike m'kabotolo muja, muyang'ane nthawi pa foni. Mudikire mphindi 20. Zikapitirira 40 musawerengenso, zotsatirazo sizodalirika.

Pa kandodo kaja pakaoneka mzere umodzi pa chilembo C, kachirombo sikanaoneke. Mizere iwiri, pa C ndi pa T, ngakhale wachiwiriwo uli wosaoneka bwino, mupite kuchipatala akakuyezeni magazi. Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Mizere iwiri si chigamulo. Musadzitsekere m'nyumba, musakwere bwato usiku umenewo mutu uli wozungulira. Pitani ku Monkey Bay, pa boma kapena chipatala chilichonse chapafupi. Akatsimikiza kuti kalipo, ma ARV mumayamba tsiku lomwelo, mwaulere, piritsi limodzi patsiku. Munthu womwa mwandondomeko tizirombo timachepa mpaka sapatsiranso mnzake pogonana.

Koma mzere umodziwonso usakunamizeni. Ngati munagona ndi munthu posachedwa popanda kondomu, kachirombo katha kubisala mpaka miyezi itatu. Mudzayezenso.

Achemwali anga ogula nsomba, ndikudziwa mmene zimakhalira mwera ukawomba, usipa wachepa, ogula muli khumi pa bwato limodzi, ndipo wina akukunong'onezani kuti ndalama yokha sikwanira. Sindikuweruzani, mtima umandiwawa. Zikachitika, kaya kondomu yaphulika, kaya wina wakugwiririrani, thamangirani kuchipatala pasanathe maola 72, mukanene kuti mukufuna PEP, mankhwala oletsa kachirombo kukhazikika m'thupi. Mumamwa masiku 28 osadumphitsa. Lero ndi bwino kuposa mawa. Ngati izi zimachitika kawirikawiri, funsani za PrEP, mankhwala oteteza munthu amene alibe kachirombo. Kondomu musaisiye, poti PrEP siteteza chindoko, chinzonono kapena mimba.

Anyamata a ku jando, musamati ndine wodulidwa, sindingatenge. Mdulidwe umangochepetsa chiopsezo ndi pafupifupi 60 pa 100 iliyonse, ndiponso pokhapokha khungu lonse litachotsedwa. Kapimitseni kuchipatala akaone.

Amene mukuchita manyazi kufunsa pa gulu, imbani 929, Chipatala cha pa Foni, kapena mundipeze pambali ndikabwera pa doko Loweruka m'mawa. Tizipangizo ndibwera nato m'chikwama, palibe adziwe kuti watenga ndani.